Timapepala Tofiira 37

Lachitatu, 3 Epulo

Amake Mafunso,

Ndikhulupirira kuti muli bwino, inu ndi mwana wathu. Ine kuno ndadzuka bwino, kungoti bondo lakumanzere limadandaula pa masitepe. Kalata yanu ya pa 17 Malichi alamu anandipatsa pa 23, atangoimika lole yawo. Ndaiwerenga kanayi. Kodi denga la kuchipinda chosokera lasiya kudontha? Musamaike nsalu za anthu pafupi ndi zenera lija.

Mafunso anapempha kuti ndimufotokozere bwino za bokosi limene ndimasesamo, popeza tsiku lina adzalowamo. Ndi chibokosi choyera, kukula kwake ngati kanyumba ka mlonda, choima pa miyendo isanu ndi umodzi yachitsulo. Mkati mwake muli ngati kutsogolo kwa ndege: mipando iwiri, ziwongolero, mabatani mpaka kudenga. Koma mawindo ake si mawindo enieni, ndi magalasi oonetsa zithunzi. Chitseko chikatsekedwa, bokosilo limapendama ndi kugwedezeka ngati lili m'mitambo, chikhalirecho silinachoke pansi. Oyendetsa ndege amabwera awiriawiri kudzayesedwa m'menemo pakatha miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Akatuluka ndimalowa ine ndi kansalu kanga. Mipando ndimaipeza yonyowa ndi thukuta, ngakhale ya akuluakulu a mizere inayi paphewa.

Tsopano imvani zachilendo. Kuyambira Lolemba pa 5 Febuluwale mabwana analumikiza kompyuta yoyendetsa ndege yokha. M'mawa amayesa anthu, masana amayesa iyo. Mipando yopanda munthu, koma ziwongolero zikuyenda zokha! Tsiku loyamba ndinagwetsa ndowa.

Ndege ikatera, kamakina ka pakhomo pa bokosi kamalavula kapepala. Ikatera bwino, kapepalako kamakhala ndi mzere wobiriwira. Zikalakwika, mzerewo umakhala wofiira. Akaputeni amene amayesa anthu amangokayang'ana n'kukaponya m'bini, ndipo wotaya za m'biniyo ndine. Mukundidziwa, sindingaone manambala n'kuwasiya. Ndakhala ndikuwakopera m'kope langa pa nthawi yopuma. Kuyambira pa 5 Febuluwale mpaka Lachisanu pa 29 Malichi, masiku a ntchito 40, zili motere: kompyuta yatera ka 214, zobiriwira 214, chofiira palibe. Anthu atera ka 185, zofiira 37. Ndiye kuti pa asanu alionse mmodzi amalakwitsa. Ndawerengera katatu. Dziko lapita patali, amake mwana. Ndakopera pa pepala lina, ndaliika momwemu, kuti Mafunso aone zimene bambo ake amaona.

Fomu ya sukulu ya ndege ija ine ndinasaina pa 27 Januwale, watsala mzere wanu. Musaiwale kuti ikufunika ku ofesi ya kampani ya ndege isanakwane 4 koloko, Lachisanu pa 31 Meyi. Ana 900 analemba mayeso aja, anatengapo 12, wathu ali momwemo, ndipo sukulu yonse alipira ndi a kampani. Ndikamakolopa ndimapezeka ndikuseka ndekha.

Ndine wanu,
Bambo ake a Mafunso


Lamlungu, 14 Epulo

Abambo ake a Mafunso,

Kuno tili bwino. Denga likudonthabe, ndaikapo beseni. Bondolo muzilimanga, musamadzione ngati mnyamata.

Zikomo chifukwa cha pepala lanu la manambala. Mwatitsina khutu nthawi yabwino. Cholembera chinali kale m'manja mwanga, Mulungu ndi mboni. Ndamva zimene mumafuna kunena koma mumachita nazo manyazi, monga mwa masiku onse. Mwaona nokha kuti ntchito imeneyi yatha, ndiye mukufuna woipa ndikhale ine. Chabwino, ndavomera. Sindisaina.

Mwaiwala zanga? Zaka zisanu ndi zitatu ndinkasokera sukulu ziwiri mayunifolomu. Kenako fakitale ija inabweretsa makina otulutsa malaya zana ine ndisanamalize kolala imodzi. Aphunzitsi aakulu anandiuza kuti, "Mayi, sikuti mumasoka moipa ayi." Mawu okoma, koma kodi amaphikidwa? Inunso, mnzanu wandevu munkasesa naye uja ali kuti lero? Si kamakina kosesa kaja kanamubweza kwawo? Tsono mwana wanga ataye zaka zinayi kuphunzira ntchito yoti pomaliza akapeza pampando pake pakhala mawaya?

Ndiye pali za mmodzi mwa asanu zija. Chilandirireni kalata yanu, ndege ikamadutsa ndimaimitsa makina n'kuwerenga zala: uyu, uyu, uyu, uyu, wachisanu pansi. Ayi bambo, ndinabereka mmodzi yekha.

Fomu ndaitsekera mu dilowa ya makina osokera, kiyi ali pakhosi panga. Ndamutengera ina ya unamwino. Anthu sadzasiya kudwala, ndipo sindinamvepo za kompyuta yovomera kutaya mabeseni a odwala.

Mwiniwake wangoti zii. Amadya, amatsuka mbale, amandithandiza kusita ndi kuika mazipi, koma pakamwa watseka. Mwana yemwe tinamutcha Mafunso chifukwa sankatipatsa mpata wopuma, sabata yathunthu osafunsa ngakhale kuti mchere uli pati. Zimuchoka. Adzandithokoza atakula.

Munditumizire singano za nambala 16, kuno zikusowa, ndi kabotolo ka mafuta a makina.

Ndine,
Amake Mafunso


Lachitatu, 24 Epulo

Amake Mafunso,

Moni nonse. Singano 20 ndi mafuta ndapereka kwa alamu.

Foni ya Lamlungu pa 21 ija inatenga mphindi 11, ndipo ine ndinalankhulapo mwina imodzi. Sindikudandaula. Pa foni mumandiposa liwiro. Ndikamati ndipeze mawu, inu mwafika kale pa nkhani ina. Choncho ndiloleni ndinene pa pepala, pomwe ndimatha kupuma.

Sindinatumize manambala aja kuti musasaine. Ndinangodabwa, ngati mwana woona sitima koyamba, ndiye ndinafuna tidabwire limodzi. Munandifunsa kuti, "Kodi manambala anuwo ndi abodza?" Si abodza ayi. Ndawerenganso Lolemba ndi Lachiwiri, sanasinthe: 214, 185, 37. Moyo wanga wonse ndimakondwa masamu akagwirizana. Ulendo uno ndimapemphera kuti ndipeze polakwika.

Za mnzanga wandevu ndi zoona, anachoka pa 30 Seputembala. Kamakina kosesako kamakodwa pa kapeti wa pakhomo katatu pa tsiku, n'kumalira mpaka ndikakanyamule ngati khanda. Koma ndikudziwa kuti zimenezo sizingakutonthozeni, ndipo mnzangayo sizimudyetsa.

Alipo munthu mmodzi amene angadziwe zoona zake, ndiye Akaputeni aja, mayi wa imvi amene anayendetsa ndege zaka zambiri. Koma wosesa sayambitsa nkhani ndi munthu wotere. Zaka zisanu ndi chimodzi, mawu athu ndi "mwadzuka bwanji" basi. Ndiponso ndikawafunsa adziwa kuti ndimawerenga za m'bini mwawo, ndipo mwina ntchito ingathere pomwepo.

Chonde fomu ya unamwinoyo musaipereke kaye. Kwatsala masiku 37. Taonani, nambala yomweyo ikunditsata.

Mafunso mwana wanga, ndikudziwa kuti uwerenga. Undilembereko ngakhale mzere umodzi. Ngati wandikwiyira, kwiya pa pepala, ndilandira.

Ndine wanu,
Bambo ake a Mafunso


Lamlungu, 28 Epulo

Bambo,

Ndili bwino. Nditumizireni kope lenilenilo, osati zokopera. Lonse. Musang'ambe tsamba, musakonze kanthu. Pa pepala munatumiza lija pali tsiku, nambala ya woyendetsa ndi mtundu wa mzere. Kodi pa timapepalato palibenso china cholembedwa? Ngati chilipo ndipo munachisiya, chimenecho ndicho ndikufuna.

Mafunso


Lachinayi, 9 Meyi

Amake Mafunso, ndi iwe mwana wanga,

Iyi muwerengere limodzi. Ndi yaitali, mundipirire.

Kalata yako, Mafunso, inafika Loweruka pa 4. Mizere isanu, yopanda ngakhale "bondo lili bwanji". Ndinati basi, mwana wandida, akufuna kopelo kuti akalitenthe. Koma funso lako linandikhala pamtima. Inde, chilipo chimene ndinasiya. Kudzanja lamanja kwa kapepala kalikonse kuli kabokosi kolembamo zilembo zachidule. M'kope ndinkazikopera, koma pa pepala lanu ndinazisiya, poti malo anachepa ndipo sindinkadziwa tanthauzo lake. Nditatsegula kope ndinaona chimene maso anga anachidumpha masiku 40. Pa timapepala tonse 185 ta anthu kabokosiko n'kolembedwa. Pa tonse 214 ta kompyuta mulibe kanthu.

Lachiwiri pa 7, nthawi ili 12:40 masana, ndinali chogwada pa bini, kope lili pabondo. Akaputeni anabwerera kudzatenga magalasi awo.

"Bambo, mukufuna chiyani m'bini mwanga? Golide?"

Ndinaimirira, kope ndabisa kumbuyo ngati mwana wogwidwa ndi shuga.

"Bweretsani kuno."

Anatsegula masamba limodzilimodzi. Kenako anati, "Mwalemba nokha izi? Tili ndi mlembi wolipidwa kuti azichita zimenezi, koma buku lake limadumpha masiku."

Apo pakamwa panga panamasuka. Ndinanena zonse: za mwana, za fomu, za dilowa, mpaka za kiyi wa pakhosi. Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anasiya kuseka.

"Ndiye mwakauza akazi anu kuti ana angawa amagwa mmodzi mwa asanu? Lowani m'bokosimo."

"Ndavala nsapato zantchito, Akaputeni."

"Mumalowa nazo tsiku ndi tsiku. Khalani kumanzereko, mpando wa akuluakulu."

Amake mwana, mpando umenewu ndaupukuta zaka zisanu ndi chimodzi, koma sindinaukhalepo. Iwo anakhala kumbuyo kwanga, pa kampando kachitatu kamene kali ndi mabatani akeake. Mawindo anayaka. Kumwamba kuli mbee, msewu wa ndege uli tambalale kutsogolo. "Gwirani mofatsa, ngati dzira," anatero. Tinatsika bwinobwino, mpaka ndinayamba kuganiza kuti njinga ndiye yovuta.

"Limeneli ndi tsiku lomwe timapatsa kompyuta," anatero. "Tsopano nali lomwe ndimapatsa anthu."

Anatibwezera m'mwamba n'kudina batani limodzi. Kunamveka phuu! ngati chitseko chachitsulo chamenyetsedwa. Mabelu analira paliponse, mawindo anachita chifunga, bokosi linapendekera kumanja. Ndinasiya chiwongolero n'kugwira mutu, ndipo ndinakuwa kuti "Mayo!" Sindibisa. Titatuluka, kamakina kanalavula kapepala kanga. Kofiira. Mpando ndinausiya wonyowa, ndipo ndinaupukuta ndekha.

Akaputeni analoza kabokosi ka zilembo kaja m'kope langa. "Izi ndi zimene ndawononga ine dala. Apa ndinazimitsa injini. Apa ndinayatsa moto. Apa mbalame, apa mphepo ya m'mbali ndi tayala lokana kutuluka. Munthu sindimupatsa tsiku labwino, la chiyani? Amandilipira kuti ndiziwazunza pansi pano, kuti kumwamba asakadabwe. Kompyutayi ikadali khanda, tikuiyendetsa kaye pabwalo losesa. Ndiponso chofiira si imfa, bambo. Chofiira ndi 'bwereza'."

Ndinalimba mtima n'kufunsa kuti, "Nanga ikadzakula, sidzawalanda mpando?"

Anamasula switi, pepala lake n'kundipatsa m'manja m'malo moponya pansi monga amachitira. "Sindikunamizani," anatero. "Zimene yaphunzitsidwa imazichita bwino kuposa ine. Sitopa, siyambana ndi mwamuna wake m'mawa. Ntchito idzasintha, mwina mipando iwiri idzasanduka umodzi. Za zaka makumi atatu zikubwerazi sindikuzidziwa, ndipo amene akuti akudziwa akugulitsa kanthu. Koma chaka china ndili m'mwamba, mkulu wina mwa okwera anadwala mtima. Bwalo lapafupi linali lalifupi ndi lonyowa. Labwino linali mphindi 50 kutsogolo. Kuno anthu 160, kuno munthu mmodzi, ndipo palibe buku limene linali ndi yankho. Wina amayenera kusankha, kenako n'kukaima pamaso pa abale ake. Komanso mukuganiza kuti akuiphunzitsa kompyutayi ndani? Ndife. Ndikapuma ine, adzadziwe poipanikiza ndani? Mwana wanuyo abwere."

Anandionetsanso buku lawo. Amene apeza chofiira amabwereza Loweruka, tsiku limene ine sindigwira ntchito, n'chifukwa chake timapepala tawo sindinkationa. Pa 37 aja, 31 anakhoza ulendo wachiwiri, 6 ulendo wachitatu. Palibe anabwerera kukanyamula anthu asanapeze wobiriwira.

Tsono masamu enieni ndi awa. 185 kuchotsapo 37 ndi 148. Anthu 148 anatsitsa bwinobwino ndege yowonongeka, ulendo woyamba womwewo. Ine ndinawerenga zofiira n'kusiya zobiriwira, ndipo ndinayeza zinthu ziwiri zosiyana pa sikelo imodzi. Manambala sananame, wosafunsa ndinali ine. Safunsa anadya phula, koma ine phulalo ndadyetsa nyumba yonse. Mundikhululukire.

Kope ndi kalatayi ndipereka kwa alamu Loweruka pa 11. Kapepala kanga kofiira ndakaika pa tsamba lomaliza.

Ndine wanu,
Bambo ake a Mafunso


Lachitatu, 22 Meyi

Amake Mafunso,

Moni. Iyi ndapatsira kondakitala wa basi ya m'mawa, ndalipira ngati katundu.

Mwamva kale kuti lole ya alamu inafera panjira pa 12, pa msewu wa kumigodi uja kumene basi sizidutsa. Akudikira chitsulo. Envelopu ili m'thumba la jekete lawo, ndipo sanaipatsire munthu wina chifukwa ine ndemwe ndinawalumbiritsa kuti, "M'manja mwa amake Mafunso basi." Ndikawaimbira kuti aipatsire aliyense wodutsa, amati, "Musavutike alamu, mawa ndinyamuka." Mawa amenewa akwana khumi.

Lamlungu pa 19 ndinayesa kukufotokozerani pa foni za Akaputeni. Munati, "Pepala ndi limene linatseka dilowa, pepala lomwelo lidzaitsegule. Ndione kopelo ndi maso anga." Sindikukutsutsani. Munthu amene anakusokeretsani kamodzi simungamukhulupirire pakamwa pokha. Koma kope ndi limodzi, ndipo lili kutchire.

Kwatsala masiku 9. Ndapempha tchuthi, andikaniza, poti wosesa ndatsala ndekha. Chimene ndikupempha n'chimodzi. Ngati alamu safika, musamulange mwana chifukwa cha masamu a bambo ake. Akadzaona ndege ikudutsa zaka zonse zikubwerazi, adzandiyang'ana bwanji?

Ndine wanu,
Bambo ake a Mafunso


Lachitatu, 29 Meyi

Bambo anga okondedwa,

Muli bwanji? Bondo lili bwanji? Ndafunsa tsopano, musadandaulenso. Kalata ija inafupika chifukwa amalume anali ataliza kale injini ndipo ankaimba hutala. Kukwiya ndinakwiyadi, koma pang'ono, ndipo kope lanu sindikanalitentha. Pokonzekera mayeso aja ndinawerenga kuti m'bokosi lotere anthu amayesedwa pa zovuta, ndiye manambala anu ankandikayikitsa. Kungoti amayi sakanamva za m'kamwa mwanga.

Amalume afika dzulo masana, oilo mpaka m'makutu, envelopu ili ndi zidindo za zala zawo. Amayi anali akukulitsa thalauza la agolosale aja, limene chaka chilichonse limafuna nsalu yowonjezera. Anati, "Werenga mokweza, manja anga ali ndi ntchito." Nditafika pa "Mayo!" anaimitsa makina, anaseka mpaka misozi, ndipo anandibwerezetsa katatu. "Bambo ako pampando wa akuluakulu! Munthu woopa kukwera pa tebulo kusintha babu!"

Kenako anatenga kope. Anayendetsa chala pa mzere wa kompyuta, tsamba ndi tsamba, mopanda kanthu monse. "Ohoo," anatero. "Ndiye makinawa amawapatsa nsalu yatsopano, anthu n'kumawapatsa zigamba?"

Ndinati basi tawina. Koma kenako anati, "Taima kaye. Ndiye kuti injini zimazimadi? Mbalame zimalowamo? Matayala amakana?" Anagwira kiyi uja n'kumulowetsa mkati mwa bulauzi. "Bambo ako amati andilimbitse mtima, ndiye akundiuza za moto." Bambo, ndinalowa kuchipinda kukalira. Dzulo lonse sanasaine.

Lero m'mawa anandipatsa siketi yoika zipi. Ndinaika, anayang'ana, anati ndimasule. Ndinaikanso, anati yakhota. Kachitatu ndinapsa mtima. Ndinati, "Amayi, mwiniwake sangaone n'komwe!" Iwo anati, "Adzaona ikadzamutsegukira pagulu. Kuli bwino ikukanike muno. Bwereza!"

Atangotero anaima, pini ili pakamwa. Kapepala kanu kofiira kanali pa tebulo pafupi ndi sizasi. Anakatenga, anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anavula kiyi pakhosi n'kunena kuti, "Pita ukasambe, sungapite ku ofesi ya anthu ndi ulusi m'mutu."

Asaina 10:15. Ndinayang'ana wotchi chifukwa cha inu. Fomu tapereka 11:50, kutatsala masiku awiri, maola anayi ndi mphindi khumi. Werengerani ngati ndakhoza. Ndimafuna kukuimbirani pomwepo koma andiletsa, akuti mumve pa pepala poti ndi pomwe munayambira. Kondakitala walonjeza kuti mawa ifika.

Zipi ija ndaimaliza titabwerako. Yakhoza ulendo wachinayi.

Mwana wanu,
Mafunso

Abambo ake a Mafunso, mwana wandisiyira malo pansi pano.

Musaganize kuti mantha atha. Sanathe. Makinawo adzakula, ndikudziwa, ndinawaona akukula pa ntchito yanga. Koma fakitale inatenga mayunifolomu, ndipo pakhomo panga anthu sanasiye kubwera ndi zong'ambika, zothina, ndi madiresi okana kulowa kutatsala tsiku limodzi. Zowongoka zinapita, zovuta zinatsala ndi ine. Ngati kumwambako zili chimodzimodzi, mwana wangayu zovuta amazitha, anayambira kwa ine.

Tsono nawu uthenga wa Akaputeni anuwo. Mukanene momwe ndalemberamu, musakafewetse monga mumachitira. Mwana wanga akadzalowa m'bokosimo, asadzamupatse tsiku labwino ngakhale limodzi. Adzazimitse injini, adzathiremo mbalame zonse zimene ali nazo, adzamubwezere Loweruka mpaka atatopa nawo. Ndikadzamva kuti amunyengerera poti bambo ake ndi odziwana nawo, ndidzabwera ndekha ndi sizasi.

Denga alamu anu akhoma, ndawagwiritsa ntchito ya masiku 17 amene anatisunga mtima m'mwamba. Inuyo musiye kuopa anthu. Zaka zisanu ndi chimodzi osafunsa funso limodzi! Mwanayu anatengera ndani?

Amake Mafunso


Lachitatu, 5 Juni

Amake Mafunso, ndi iwe mwana wanga,

Moni nonse. Bondo lili bwino, zikomo pofunsa. Kalata yanu ndinailandira Lachinayi pa 30 Meyi, 5:20 madzulo, pa depoti. Ndinaiwerengera pa benchi pomwepo, ndipo mayi wina wogulitsa madzi anandifunsa ngati kwagwa zovuta. Ndinati ayi, ndi chimfine. Masamu ako, Mafunso, wakhoza.

Uthenga ndinapereka Lolemba pa 3, chiimire, osachotsa liwu, ngakhale la sizasi. Akaputeni anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Akazi anuwa anaphonya ntchito, akanakhala pampando wangawu. Auzeni kuti ndalonjeza. Koma mwanayo akadzalira asadzandide."

Dzulo pa 4 kompyuta anaipatsa tsiku lake loyamba loipa: injini imodzi yozima ndi mphepo ya m'mbali. Inapeza chofiira. Anyamata a mawaya anagwira mitu, koma Akaputeni anawomba m'manja, amvekere, "Eya! Tsopano yayamba sukulu." Ine inandimvetsa chisoni, poti ndikudziwa momwe zimakhalira. Ndinapukuta mpando wake ngakhale unali wouma. Lero yabwereza ndipo yapeza wobiriwira. Imaphunzira msanga, sindikubisirani, ndasiya kunena theka la nkhani. Ndiye iwe mwana wanga ukalimbikire. Ukaidziwe bwino kuposa momwe imadzidziwira yokha, ndipo ukafunse mafunso ako onse, ngakhale aziti watopetsa.

Ndagula kope latsopano la masamba 96. Akaputeni akuti ndizilemba poyera, pa tebulo, osati chogwada pa bini, ndipo pa chilembo chilichonse chimene sindikuchidziwa ndizifunsa. Dzulo ndafunsa kanayi.

Sukulu ikuyamba Lolemba pa 2 Seputembala, ndipo akuti ophunzira amafika m'bokosi muno akatha zaka ziwiri. Ndawauza mabwana kuti za kupuma ntchito asandiuze zisanakwane zimenezo. Timapepala tonse ndimataya, ndiyo ntchito yanga. Koma kako koyamba kofiira, Mafunso, sikadzalowa m'bini. Ndidzakatumiza kwa amayi ako akakasunge mu dilowa muja, pamodzi ndi kanga. Kiyi ali naye kale.

Ndine wanu,
Bambo ake a Mafunso